Ndinalepheretsa Tisauke ndi Funso Lachisanu

Aphungu,

Ndimaphunzitsa pa koleji ina ya aphunzitsi kuno ku Chongwe. Chaka chino tinayamba kulembetsa mayeso pa kompyuta: ndimaikamo mafunso ndi mndandanda wa mayankho olondola, iyo n'kuchonga yokha. Mwezi watha, kutatsala tsiku limodzi kuti mayeso alembedwe, ndinachotsa funso lachisanu poti sitinaliphunzire, koma yankho lake ndinaliiwala pamndandanda. Kuyambira pamenepo mayankho onse anasemphana ndi mafunso. Amene anawerenga kwambiri ndiwo analephera.

Mmodzi mwa iwo ndi Tisauke, mtsikana wa ku Kanakantapa, wakhama kuposa onse m'kalasi. Anabwera ku ofesi maso ali psuu. "Aphunzitsi, nionetseniko chabe pamene ninalakwa." Ine mwamatama ndinati, "Kompyuta siinama, mwana iwe." Anatuluka. Pano wabwerera kwawo, akuthirira repu kudimba.

Cholakwacho ndachitulukira dzana. Lachisanu likubwerali atseka maina a okayeserera kuphunzitsa m'masukulu, ndipo wotsala abwereza chaka. Koma ine ndine watsopano, ndikadali kuyesedwa ntchito, ndikaulula angandichotse. Ndili ndi mantha, ndili ndi manyazi. Nditani?

A.K., Chongwe

Inu a A.K.,

Kuiwala yankho limodzi si tchimo, aliyense dzanja limamuterereka. Tchimo ndi kukhala duu mpaka Lachisanu. Mawa m'mamawa pitani kwa mkulu wa dipatimenti yanu, mafunso ndi mndandanda uja zili m'manja. Muwaonetse pamene zinasemphana, ndipo mupemphe mwa kalata kuti kalasi yonse ichongedwenso, osati Tisauke yekha. Sindikunamizani kuti ntchito yanu ipulumuka ndithu, ayi. Komatu wodziulula yekha amamveredwa chisoni kuposa wogwidwa.

Tisaukeyo musamutumizire kauthenga ka pafoni. Kwerani minibasi ya ku Kanakantapa, fumbi likuthireni, mukapepese pamaso pa makolo ake. Iwonso pano akuyesa kuti mwana wawo ankangosewera kukoleji.

M'tsogolomu, musanatulutse zotsatira, muzichonga nokha mayankho a ophunzira asanu n'kufananiza ndi za makinawo. Wophunzira akadandaula, muzimupatsa mpando.

Samalani bambo, mlandu suwola. Munamuuza mwanayo kuti kompyuta siinama, ndipo n'zoona, inachonga zomwe munaipatsa. Lachisanu likadutsa muli chete, wabodza mukhala inu.