Ndowa ya Masika

Lachiwiri, 27 Meyi 2025

Kope ili ndi la Ulemu, mwana wanga. Analisiya lili ndi masamba ambiri pokwatiwa ku Lilongwe. Amayi abusa atiuza ku Mvano kuti aliyense azilemba tsiku lililonse zinthu zitatu zothokozera Mulungu. Akuti pakamwa pozolowera kudandaula pamaiwala kunena zikomo. Ponena zimenezi maso anali pa ine. Sindine mwana, ndamva.

Chabwino. Choyamba: kachewere wabereka, mizere yachita kung'ambika. Chachiwiri: bondo lero silinandivute. Chachitatu ndasowa. Nkhuku yathadzi yaikira, ndilemba yomweyo.

Lachinayi, 29 Meyi

Kukumba tsiku lonse, ndekha. Bambo a Ulemu pampando pakhonde, maso kumunda. Mwezi wachisanu uno chigwereni ndi sitiroko, mu Januwale, tikupalira. Mwendo wabwerera, akuyenda ndi ndodo. Mawu akutuluka, koma limodzilimodzi. Dzanja lamanja ayi. Limangokhala pamiyendo pomwe ndaliika.

Kuchipatala kuja ndinagwada pakhonde la wodi, anthu akudutsa. Ndinalonjeza kuti Ambuye mukandidzutsira munthuyu, tsiku la masika, pamene mpingo wonse umabweretsa zokolola, ine ndidzabwera ndi ndowa ya kachewere wosankha, wamkulu yekhayekha. Atatsitsimuka ndinawauza za lonjezolo. Anagwedeza mutu. Masika alengeza kale, ndi pa 15 Juni.

Zothokoza: kunja kunawala bwino. Mjigo aukonza. Ndinaterereka ndi dengu pamutu ndipo bambo a Ulemu anandiseka. Kuseka kwa mbali imodzi, komabe ndinakumva ndili kumunda.

Lolemba, 2 Juni

Kumsika ku Kandeu. Ndowa zinayi, zonse zapita dzuwa lisanapendeke. Kasanjidwe kake komwe kaja: ting'onoting'ono pansi, wapakati pakati, wamkulu pamwamba mpaka mulu usongoke. Anandiphunzitsa mayi anga ndili mtsikana. Tonse timatero, ogulanso amadziwa, n'chifukwa chake amanenerera mtengo.

Lukia wapagolosale sanandisiye. Akuti, "Zelesi, ndowa zako zili ngati mkamwini wofika kumene, ulemu pamwamba pokha." Ndinaseka mpaka misozi, ndinamuikira basela. Iye wandigulitsa sopo pamtengo wakale.

Zothokoza: Lukia ndi pakamwa pake. Kabaza sanandigwetse. Ndapeza bambo atathira okha madzi a nkhuku.

Lachisanu, 6 Juni

Masiku atatu osalemba. Zolemba zinalipo, mtima ndi umene unakana.

Lachitatu tinapita kwa adokotala owongola ziwalo. Anawaika kampira m'dzanja lija kuti agwire. Kanagwa. Kachiwiri, kanagwanso. Adokotala ndi munthu waulemu, koma sanabise. Akuti tisayembekezere zambiri. Ndiye kuti khasu basi, njinga basi.

Ambuye, kope ili saliwerenga munthu, ndiye ndinena zoona. Ndinapempha mwamuna wathunthu. Mwandibwezera theka. Ndakwiya nanu, ndipo mukudziwa kale.

Chothokoza chimodzi chokha: mbuzi za eni ake sizinalowe m'dimba.

Lachitatu, 11 Juni

Mtima watsikako. Kuzizira kwa Juni kwafika ndithu, m'mawa zala kuuma. Tatha tsiku tikusankha kachewere pabwalo. Milu itatu: wogulitsa, wa mbewu, wodya. Iwo kuthandiza ndi lamanzere, wothawa kumubweza ndi ndodo. Amandiuzabe kuti ndasokoneza milu. Ukapitawo sunafe nawo ziwalo.

Kwabwera venda wa lole. Akufuna wamkulu yekha, ndipo mtengo wake ndi wogwira mtima. Feteleza wa dzinja likubwerali sakuchoka m'mutu mwanga, poti wolima tsopano ndi ine ndekha. Ndamuuza abwere Lolemba adzatenge mulu wonse.

Zothokoza: Ulemu waimba foni, pathupi pakuyenda bwino, akuti Ogasiti. Bambo ake anamuuza okha kuti asamanyamule zolemera, mawu onse anamveka. Mapeyala akuseri kwa nyumba ayamba kugwa.

Lachisanu, 13 Juni

Ndasanja ndowa ya masika. Ndikanena kuti manja anachita okha ndiye kuti ndanama. Anayamba okha, inde, koma ndinawaona, sindinawaletse. Ting'onoting'ono mpaka kupitirira pakati, wamkulu wowerengeka pamwamba. Yaoneka bwino kwabasi. Kutchalitchi palibe amene amakhuthula ndowa. Imaikidwa kutsogolo, abusa amapempherera, akulu ampingo amagulitsa ili chomwecho. Wamkulu wotsalayo ndi wa venda.

Ndinadziuza kuti Mulungu wandipatsa theka, nanenso ndimupatsa theka. Ndaiphimba ndi chitenje, ndaiika kuseri kwa chitseko. Bambo a Ulemu anali pakhonde nthawi yonseyo. Kaya anaona, kaya.

Zothokoza. Ndakhala ndi bolopeni m'manja mpaka madzi a tiyi aphwera pamoto. Ndilemba mawa.

Loweruka, 14 Juni

M'mawa ndinapita kukasesa kutchalitchi ndi amayi anzanga. Pobwera, dzuwa lili paliwombo, ndapeza ndowa yanga ili pabwalo, yokhuthulidwa. Bambo a Ulemu akhala pansi padothi, ndodo ili uko, thukuta kamukamu kunja kukuzizira. Mmene anaikokera kuchokera m'nyumba ndi dzanja limodzi sindikudziwa. Mzere wake ukuonekabe kuyambira pakhomo. Anali akutola pamulu wa venda uja, mmodzimmodzi, kupukuta pabuluku, kuika m'ndowa. Lamanja lili pomwe limakhala.

Ndinaima ndi tsache langa. Manyazi osaneneka. Ndinayamba kulongosola za feteleza, za mtengo, za kulima ndekha. Anandidikira mpaka nditamaliza, monga achitira zaka makumi atatu zonsezi. Kenako analoza ting'onoting'ono tija ndi chibwano. Mawu anachedwa kutuluka, koma anatuluka onse. Ananditchula ndi mfunda wanga, anati, "Nangozo, iti tidya ife. Ine ndilipo woti ndidye."

Ndinakhala pansi pomwepo. Mu Januwale muja, tsiku lachitatu asakutsegula maso, ndinali nditayamba kuganiza za kalipentala woti akhome bokosi. Alongo awo anali atauza kale anthu kumudzi kuti akhale tcheru. Pakhonde la wodi paja sindinatchule dzanja, sindinatchule khasu. Ndinangoti mundidzutsire munthuyu. Ndinaiwala bwanji zimenezi? Ndalira ngati mwana, iwo akungopitiriza kutola.

Tadzaza ndowa tonse awiri, kuyambira pansi. Ting'onoting'ono tija ndaphika ndi tomato ndi anyezi. Kusenda kwake kotopetsa. Adya mbale ziwiri.

Lamulungu, 15 Juni

Kwacha bwino, kopanda mphepo. Ndowa ndaiyesa pamutu, ikulemera kuposa ya Lachisanu. Venda mawa apeza mulu wochepa, adziwa yekha chochita. Za feteleza zikundiopsabe, sindinama. Tikaona nthawi yake.

Yunifolomu ndasita dzulo. Tinyamuka msanga chifukwa ulendo wa ndodo ndi wautali, ndipo akana kabaza, akuti ayenda pambuyo pa ndowa yawo.

Zothokoza. Choyamba: alipo. Chachiwiri: alipo, ndipo amandionabe mpaka pansi. Chachitatu ndilemba pobwera, akundiitana panja, avala kale jekete koma mabatani awakanika, ndipo belu loyamba lalira