Botolo la m'chitini cha mabatani

Lolemba, 3 Malichi

Kabatani walira tsiku lonse. Dzinali anamupatsa ndi anzanga a ku shopu yosoka zovala, ati anabadwa wochepa ngati batani la malaya. Anabadwa mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri. Lero wakwanitsa miyezi inayi. Ukamunyamula chogwira m'khwapa amakuwa ngati wamubaya ndi singano. Mutu thukuta lokhalokha, ngakhale kusakutentha.

Apongozi, mayi awo a bambo a Kabatani (ndizingolemba K.), ndi amene amatsala naye ndikapita kuntchito. Ndimawasiyira mkaka wofinya m'kapu. Ati, "Mwanayu pali pamene pakumupweteka. Mawa kuchipatala, tisadikire tsiku la sikelo."

Lachiwiri, 4 Malichi

Amujambula pachifuwa. Adokotala, mayi wamtali wolankhula motsitsa, anatiitana tonse atatu, ine, apongozi ndi bambo a K. Anatiloza pachithunzi. Nthiti ziwiri zili ndi ming'alu, ina yayamba kale kupola. Polumikizira manja ndi mikono patupa. Ine ndinkayesa kuti ayamba kunenepa, mpaka ndinkanyadira.

Ati mwina mafupa ake ndi ofewa, zimachitika kwa ana obadwa masiku asanakwane. Atitenga magazi ine ndi K., zotsatira Lolemba. Kenako anandiyang'ana.

"Madontho a vitamini D amene anakupatsani potuluka muno, mukumupatsa tsiku lililonse?"

Ndinati inde.

Analemba. Anaima kaye, cholembera m'mwamba. "Ndiye n'zodabwitsa. Masana amakhala ndi ndani?"

Apongozi anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

Lachitatu, 5 Malichi

Madzulo, tikudya. Bambo a K. sanakweze mawu, mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anangoti, "Amayi, manja anuwa anazolowera kufinya zochapa. Uyu si bulangete." Apongozi anati analera ana asanu ndi mmodzi osathyola ngakhale chala. Bambo a K. ati, "Asanu ndi mmodziwo anabadwa okhwima."

Apongozi anasamba m'manja chakudya chisanathe.

Ndinkangoyang'ana pamwamba pa kabati.

Lachinayi, 6 Malichi

Ndilembe pano poti pakamwa pakukanika.

Botolo la madontho lija lili pamwamba pa kabati, m'chitini cha mabatani. Losatsegula. Ngakhale dontho limodzi K. sanalawepo.

Tsiku lotuluka m'chipatala tinalipo amayi ambiri, aliyense kamwana pachifuwa. Anesi a magalasi anandipatsa botolo ndi kasirinji kopanda singano. Analoza ndi chikhadabo, "Mpaka pamzere uwu. Osapyola, kwa kamwana kotere mukachulutsa mwamuvulaza. Mwamva?" Kumbuyo kwanga mzera wa anthu. Ndinati inde. Kufika kunyumba, timizere tambirimbiri, tonse tofanana. Papepala analemba nambala yokhala ndi kadontho, m'zilembo zothamanga.

Abwana ku shopu anandiphunzitsa chinthu chimodzi tsiku loyamba: ukakayika muyeso, sizasi pansi. Nsalu yodula sibwerera. Zaka zinayi sindinawonongepo nsalu ya kasitomala chifukwa cha lamulo limeneli. Ndiye ndinachita momwemo. Ndinaika botolo pambali kuti ndikafunse tsiku la sikelo. Tsiku la sikelo anesi anafunsa tonse pamodzi ngati tikupereka madontho, onse anati inde, nanenso inde. Mwezi wotsatira kufunsa kunali kutavuta kuposa kale. Ndikanati chiyani? Kuti mwezi wonse ndangokhala?

Bambo a K. anaphunzira kuposa ine, akanatha kuwerenga. Koma tsiku lina ndikuwerenga kalata ya eni nyumba mokweza anaseka, ati ndimawerenga ngati ndikuwoloka mtsinje podumpha miyala. Sanatanthauze zoipa. Kuyambira pamenepo sindiwerenga pamaso pawo.

Ndinkadziuza kuti K. akuyamwa bwino, pa sikelo akukwera. Ndinkaganiza kuti nsalu ikadikira siwonongeka.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndasoka mkono wa yunifolomu chozondoka. Koyamba.

Loweruka, 8 Malichi

Ku shopu theka la tsiku. A Wailesi, amene amasita, anandigwira paphewa ndi dzanja lofunda ndi simbi. "Iwe Kachete, nkhope imeneyi wamezanso zipi? Lankhula, pakamwa si thumba la suti loti likhale losokedwa." Onse anaseka. Ndinatsala pang'ono kuwauza. Kasitomala analowa.

Makina anga ali m'chipinda cha kuseri, chopanda zenera, babu limayaka kuyambira m'mawa. Ndinasankha ndekha malo amenewa kuti ndisamakumane ndi makasitomala. A Wailesi amati ndikadzatuluka masana ndidzasochera, chifukwa msewu wathu ndimaudziwa m'bandakucha ndi madzulo basi.

Kunyumba ndapeza apongozi atakhala pampando, manja ali pansi pa ntchafu. K. akulira pabedi. Kuyambira Lachitatu sanamunyamule. Amachapa matewera, amamugwedeza ndi mawu, amamumwetsa mkaka atamutsamiritsa papilo. Zikhadabo awenga mpaka kufika pamnofu. Chikwama chawo chili pakhomo la chipinda. Ati Lachiwiri akwera basi ya m'mawa kubwerera kwawo, bambo a K. apeze munthu wa manja ofewa.

Amayi amenewa anagona pansi pa simenti m'chipatala masabata atatu. Ndikatopa ankamuika K. pachifuwa pawo kuti afunde, ine ndigoneko.

Lamlungu, 9 Malichi

Batani la bulauzi ya apongozi ya paulendo linathothoka. Ndinali panja ndikuyanika. Ndikulowa, ndinapeza chitini chili pamiyendo pawo, chotsegula. Botolo m'manja. Kuwerenga sadziwa, koma analipo tsiku limene anesi ankandipatsa. Anayesa chivindikiro ndi chala, anaona kuti sichinatsegulidwepo.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako analibwezera pansi, nalikwirira ndi mabatani monga mmene ndinkachitira ine. Ati, "Batani ndalipeza, mwana wanga. Ndibwereke singano."

Sanauze mwana wawo. Madzulo ndinamva akumuuza kuti mwina n'zoona, ukalamba umachotsa nzeru m'manja.

Ndikanakonda akanandimenya.

Lolemba, 10 Malichi

Botolo ndinaliika m'thumba la diresi tisananyamuke. Njira yonse linkandigunda pantchafu.

Adokotala ati vitamini D m'magazi anga ndi wochepa kwambiri, mwa K. ngati mulibiretu. Anafotokoza pang'onopang'ono. Mwana amatenga zolimbitsa mafupa kwa mayi ake makamaka m'miyezi itatu yomaliza, ndiye K. anatuluka asanatenge zokwanira, kuchokeranso kwa mayi amene analibe zambiri. Mkaka wa m'mawere ndi wabwino, koma vitamini ameneyu amakhalamo wochepa, n'chifukwa chake amapereka madontho. Anafunsa ngati ndimaothera dzuwa. Ndinawauza za chipinda cha kuseri. Ati dzuwa likamenya pakhungu thupi limapanga lokha vitaminiyu, koma lodutsa pagalasi la zenera silithandiza, nanji babu.

Kenako anatsegula faelo. "Chimene sindikumvetsa n'chakuti mwana amene akulandira madontho tsiku lililonse atsike chonchi. Mwina pali vuto ku impso kapena ku chiwindi. Tiyenera kumugoneka kuti timuyeze zambiri."

K. anali ndi kabala kale padzanja pamene anamubaya sabata yatha. Ndinaona apongozi akuyang'ana pansi, manja pansi pa ntchafu.

Ndinatulutsa botolo n'kuliika patebulo. Mawu anatuluka aang'ono, mpaka adokotala anawerama kuti amve. "Sindinamupatsepo. Sindinamve muyeso. Ndinaopa kufunsa."

Bambo a K. anaimirira, mpando unagwa. Anati, "Miyezi itatu?" Kenako anatembenukira kwa mayi awo, pakamwa yasa. Anatuluka.

Adokotala sanandikalipire. Anakhwatcha mzere umodzi m'faelo. Ati madontho akanathandiza kwambiri, sangandinamize. Koma mafupa a mwana amamva mankhwala, ndipo vutoli taligwira asanayambe kuimirira. Nthiti zofewa chonchi zimatha kuchita mng'alu ngakhale pomusintha malaya, m'manja mwa aliyense. Izi ananena akuyang'ana apongozi. Apongozi anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

K. sanamugoneke. Amulembera madontho amphamvu ndi kashiamu wolimbitsa mafupa, ine mapiritsi, tibwererenso pakatha masabata awiri. Anatitumiza kwa anesi a magalasi omwe aja. Sanandikumbuke n'komwe. Analoza ndi chikhadabo chomwe chija. "Mpaka apa. Mwamva?"

Kumbuyo kwanga kunali amayi asanu.

Ndinati, "Ayi. Bwerezaninso."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenako anakoka mpando. Anandipatsa sirinji kuti ndikoke ndekha madzi, katatu. Ndinasolola ulusi wofiira umene unakakamira pa diresi langa, n'kumanga pamzerewo, mfundo ziwiri. Mayi wina kumbuyo anafunsa motsitsa ngati ulusiwo watsalako.

Lachiwiri, 11 Malichi

Bambo a K. sanandilankhule kuyambira dzulo. M'mawa anaima kumbuyo kwa mayi awo akutsuka makapu, anati, "Amayi," basi, mawu ena anakana. Apongozi ati, "Pita kuntchito, uchedwa." Potuluka ananyamula botolo n'kuwerenga pepala lake mpaka pansi, nalibwezera patebulo pafupi ndi ine.

Ndatuma uthenga kwa abwana kuti ndifika mochedwa, komanso ndapempha kuti makina anga atuluke apite pakhonde, pafupi ndi a Wailesi. Sindikudziwa ayankha chiyani.

Chikwama cha apongozi chinali pakhomo, bulauzi ya batani latsopano atavala kale. Ndinakoka madontho mpaka pa ulusi. Dzanja limodzi sirinji, linalo silikanatha kugwira K. bwino.

"Amayi, tandigwirirani."

Anayang'ana manja awo. "Ine?"

"Inuyo. Ine dzanja limodzi silikukwana."

Anapukuta zikhatho pa siketi kawiri. Analowetsa dzanja limodzi pansi pa mutu, lina pansi pa matako, osati m'khwapa. K. sanalire. Anameza, anakwinya nkhope, dontho lina linatsikira pachibwano, apongozi analibweza m'kamwa ndi chala.

Basi inaliza hutala pamsewu. Ndinawauza kuti ndi yawo ija. Ati, "Usandisokoneze, mwana akubyukula."