Buloko ya Galimoto ya Adadi

Lolemba, 3 Juni
Makaniko wandiuza mosapsatira: buloko ya injini ndi yong'aluka, kuwotcherera n'kutaya nthawi. Galimoto ya adadi ili ndi zaka makumi asanu, mabuloko ake sapanganso. Akuti ndikasake yakale koma yolimba. Ine mphunzitsi wa masamu ndikaidziwa bwanji? Adadi anali makaniko moyo wawo wonse, koma sipanala ankapatsa achimwene. Ine ankati ndidetsa diresi. Achimwenewo ali kunja, foni sayankha. Chichitireni sitiroko, adadi mawu ndi amodziamodzi. Tsiku lonse pawindo, maso pa galimotoyo. Ndikufuna aimve ikulira, ngakhale kamodzi.

Lachitatu, 5 Juni
Kwa wogulitsa zitsulo zakale. Mabuloko awiri m'udzu, imodzi m'masilinda ake muli madzi ndi mbululu. Ina yopentedwa bwino, yonyezimira. "Iyi mayi ndi namwali," anatero wogulitsayo. Namwali wa dzimbiri m'makutu! Ndinatsala pang'ono kulipira. Chinandiletsa sindikuchidziwa.

Lachinayi, 6 Juni
Ndaonetsa adadi zithunzi pafoni. Pa yonyezimira ija anapukusa mutu mpaka supuni kugwa. "Penti," anatero. Basi. Ndamva ndekha: penti imabisa mng'alu. Kenako anandigwira chala, n'kukanda tebulo ndi chikhadabo changa. Ndinazindikira mochedwa kuti akundionetsa kapimidwe ka m'kati mwa silinda. Chikhadabo chikakodwa, yatha. Dzanja lawo lapepuka bwanji. Kale linkanyamula giyabokosi.

Loweruka, 15 Juni
Sabata yonse chabe. Malo anayi, nsapato yang'ambika. Ina chikhadabo chinakodwa. Ina mabowo a mabawuti odyeka. Mwamuna wanga akuti, "Ukufuna injini kapena ukufuna bambo ako akale?" Ndatsuka mbale zotsuka kale.

Lachiwiri, 18 Juni
Makaniko wamva za mkulu wina wokonza mathirakitala, akuti ali nayo m'shedi. Ndapita nawo adadi pa njinga yawo ya olumala, dotolo anene zake. Buloko yakuda bii, oyilo gwaa, yosaoneka bwino. Adadi maso anawala. Analoza hamala. Dzanja lawo silinathe kuigwira, ndiye anandipatsa ine. Ndinagogoda pomwe ankaloza. Ngwee! Ngati belu la kusukulu. Anatseka maso. "Bwereza." Ndinabwereza kanayi, mwina kasanu, osati poti ankakayika ayi. Kenako tinapaka parafini, kupukuta, kuwaza choko. Mng'alu ukanakhalapo ukanaoneka ngati kamzere konyowa. Tinadikira. Choko mbee. Mkulu uja anati, "Mwana wanu ali ndi khutu." Adadi anati, "Wanga." Ndinayang'ana kumbali, ndinanamizira fumbi.

Lachisanu, 21 Juni
Makaniko waipima ndi zida zake. Yowongoka, yopanda mng'alu. Akuti miyezi iwiri galimoto iyenda. Diresi langa labuluu oyilo sakuchoka. Lisachoke.

Lamulungu, 23 Juni
M'mawa ndikuwameta ndevu ndinafunsa mocheza kuti ikadzalira tidzapita kuti. Ndimayesa anena kumsika, kapena kugalaja kwawo kwakale. Anayang'ana pawindo mpaka sopo kuuma. Kenako: "Kwa amayi ako."

Amayi anachoka pakhomo pano ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, atatopa ndi mwamuna wokwatira magalimoto. Sanakwatiwenso. Adadi dzina lawo sanalitchulepo zaka zonsezi, ndi pa ukwati wanga pomwe anakhala mabenchi osiyana. Lero andiuza, liwu limodzilimodzi, thukuta lili kamukamu, kuti anawalonjeza kudzawatenga pa galimoto imeneyi, n'kuchita manyazi, kenako injini inafa.

Ndamaliza kuwameta. Nambala ya amayi ndaitsegula, foni ili apa pambali pa kope. Sindikudziwa kuti ndiyambe ndi galimoto kapena ndi adadi.