Nthano Masana Pansi pa Mkuyu

Lolemba, 9 Januwale 1995

Mvula yapuma. Ndinapita kukaona ndekha sukulu yaulere akuikambayi. Sitandade 1 pansi pa mkuyu, ana ngati ngumbi. Bolodi loyedzamiritsa pamtengo. Mphunzitsi, a Doreen, mtsikana wadzulodzulo, mawu atasasa. Mdzukulu wanga Josephine kumbuyo kwenikweni, m'mbali mwa msewu wa ku Nguludi. Wamtali kuposa onse, poti kale fizi inkatikanika. Zimene amamva kumeneko ndi mabelu a njinga basi.

Ine sukulu sindinapondeko. Tizilembo tokhotakhotati ndinatola kusukulu ya kwacha imvi zitamera kale. Koma khutu ndili nalo, ndipo zimene ndinamva apo ndi phokoso.

Lamulungu, 15 Januwale

Kwabwera Stanford, mwana wanga woyamba, kuchokera ku Limbe. Buledi m'manja, nkhani kumphasa. Anapatsa Josephine buku la nyimbo za kutchalitchi kuti awerenge. Mwana analigwira bwinobwino, n'kuyamba kulakatula phunziro la kusukulu, maso ali kudenga. Stanford osaseka.

Akuti Pasaka ikadutsa amutenga, akalere mwana kwa abwana ake. Akuti zaulere sizinona.

Mwana wanga Bernadetta, make mwanayo, kumangotola miyala munyemba. Ine ndiyankhe monga ndani? Ndine mkamwini pamudzi pano, ngakhale mango ndinabzala ine akalamba. Mwinimbumba ndi Stanford yemweyo, amene ankandikodzera pamsana. Za ana a mlongo wake amagamula ndiye.

Buledi sindinadye.

Lachinayi, 26 Januwale

Msonkhano wa makolo. Mkangano ngati pamsika wa Njuli. A Nabanda akuti bola kale, ana ochepa koma odziwa kulemba kalata. A Rafaeli akuti kale lakelo ana awo onse ankangoweta mbuzi, ndiye asawauze za kale. Wina akuti tiumbe njerwa. Njerwa dzinja lino?

Kenako a Doreen anaimirira. Anati onse pamodzi sangawathe, koma atapezeka munthu wowagwirira ena, iwo aziphunzitsa kagulu kamodzikamodzi, aliyense afike pabolodi. Maso onse kwa ine. Amadziwa kuti ine Silvesta ndikayamba kukamba, ngakhale pamaliro anthu amaiwala kusinza.

A Nabanda anagwira pakamwa: "Nthano masana? Mukufuna amayi a anawa asanduke chulu?"

Anthu anaseka, koma kuseka kwa mantha. Nanenso chibadwire sindinayambe ndakamba nthano dzuwa lili pamutu. Malume anga amene anandiphunzitsa akanandikoka khutu.

28 Januwale

Tsiku lonse kumunda, mutu uli kwina. Mwambo umati chulu chimagwera make wokambayo. Amayi anga anagona chaka cha njala, udzu unamera kalekale. Chotsala choti chisanduke n'chiyani?



Lolemba, 30 Januwale

Ndapita. Jekete la kutchalitchi, kampando kanga m'manja. A Doreen anatenga kagulu kawo, ena onse anga. Amayi angapo ataima patali ndi makasu, a Nabanda patsogolo.

Ndinati padangokhala. Zii. Palibe woyankha. Ndinabwereza. Ana kumangoyang'ana amayi awo. Ndinati ndanyozeka, ndinyamule mpando.

Kenako kamawu kumbuyo: "Tili tonse, anganga."

Josephine. Ena anatsatira mmodzimmodzi, mpaka mkuyu wonse. Ndinawakambira ya mtsikana amene anakwatiwa ndi ng'oma, yanyimbo ija. Poyimba ndinamva ndi kumakasu komwe akupolokozera.

31 Januwale

Josephine akuti anadzuka m'mamawa kukagwira mwendo wa make. Akadali munthu. Bernadetta waseka mpaka misozi, koyamba chibwerere Stanford.

Lachitatu la Phulusa, 1 Malichi

Mwezi wathunthu osalemba. Kutopa. Mawu anga nawo asasa, ndikutafuna jinja. Masiku a mvula tonse timabalalika, bolodi pamutu pa a Doreen. Choko chinatha sabata yatha, alembera chinangwa chouma.

Nthano zikundithera. Ndayamba za makolo athu, mmene anayendera wapansi kuchokera ku Manguru, kutsidya kwa malire, ana kumsana, mbewu m'zikwatu. A Doreen amatola mawu m'nkhani zangazo n'kukawalemba pabolodi. Akuti mwana sachita mantha ndi mawu amene waimba kale.

A Nabanda sanasinthe maganizo. Akuti sukulu yoona ili ndi denga. Sakunama. Koma Lachisanu ndi iwo anabwera kudzandigwirira, ndi nyimbo zawo za pamtondo. Akuti nyimbo ilibe chulu.

Stanford watumiza uthenga. Josephine achapiretu zovala.

Lamulungu la Kanjedza, 9 Epulo

Wabwera Stanford, osadikira n'komwe Pasaka, ndi chikwama chopanda kanthu choti mwana alongezemo. Ndinakonza mawu ambiri. Koma woyamba kulankhula anali Bernadetta, maso pansi: "Achimwene, muyeseninso kaye."

Stanford anayang'anayang'ana, n'kutola thumba lakale la mbewu limene timatsekera pawindo. Zilembo zake mwana sanazilowezepo pamtima. Josephine chala pa chilembo, milomo kugwedera. Nthawi yaitali, nkhuku mpaka kudutsa pakati pathu. Chi. Ma. Nga. Mawu achiwiri anapunthwa, anabwerera, anawatola. Achitatu anamukanika, ndipo anati sakuwadziwa. Sanalakatule zam'mutu.

Stanford anakanda chibwano. Anafunsa ngati zoti bambo ake akukamba nthano masana n'zoona, akuti mbiri yafika ku Limbe. Ndinavomera. Anapukusa mutu. Kenako anati mwana akhale, chaka chithe, tidzaonenso. Njerwa zikayamba mwezi wa Juni timuuze, chikombole abweretsa.

Chaka chimodzi chokha. Koma chikwama chabwerera chopanda kanthu.

Lachiwiri, 11 Epulo

A Rafaeli apeza malo a dothi labwino kuseri kwa sukulu. Pachulu, nanga n'kutani. A Nabanda akuti tisakumbe tisanafunse kuti ndi make yani.

Mawa ndilibe nthano. Ndipeka ndili m'njira.

Kabuku kangaka nako kasowa pokhala. Zaka zonsezi kamangogona pawindo, popanda wokawerenga. Lero pochokera kumunda ndapeza Josephine atakatsegula, chala pa dzina la amalume ake, milomo ikugwedera. Ndikakabisa kudenga afikako, ndi wamtali. Mwina m'thumba la jekete.