Dzira la Myron

Lolemba, 6 Julaye 1998, Dauphin

Kalata ya boma yafika. Ndaiwerenga katatu, tiyi mpaka kuzizira. Akuti nyanja ina kumpoto kwa chigawo chathu chino cha Manitoba anaipatsa dzina la mlongo wanga Myron, monga amachitira ndi asilikali ofera kunkhondo. Nyanja ya Dutka. Mapu alimo, kadontho kozunguliridwa ndi cholembera. Msewu kulibe. Ndege yotera pamadzi basi.

Ndaseka ndekha m'khitchini. Munthu wosadziwa kusambira, woopa ngakhale damu lomwera ng'ombe, n'kumupatsa nyanja yathunthu! Kenaka ndalira. Anafa ali ndi zaka 21 zokha. Ortona, ku Italy, Disembala 1943. Manda ake sindinawaonepo.

Lachinayi, 9 Julaye

Ndamuuza mwana wanga Darlene kuti ndikupita. Yankho lake: "Mayi, ndi mtima wanuwo? Adokotala anati ngakhale masitepe muzikwera mopumira." Ndati ndege ilibe masitepe.

Sakumvetsa. Ikatha Pasaka, ife ochokera ku Ukraine timapita kumanda ndi buledi woluka ndi mazira ofiira. Kuyala nsalu pamanda, wansembe kutchula mayina, ife kudya pomwepo ndi akufa athu. Atate ali ndi manda. Amayi ali nawo. Ngakhale mwamuna wanga Stefan, chidakwa chija, ali ndi poyala nsalu. Myron alibe kuno. Amayi ankabwerera ndi dzira lake m'thumba la chikhoto, chaka ndi chaka mpaka imfa. Anandisiyira ine, ndipo ndatopa kubwerera nalo. Ndili ndi zaka 74. Ndikapanda kupita chilimwe chino, sindidzapitanso.

Lachitatu, 22 Julaye

Masabata awiri osalankhulana ndi Darlene. Lero wandipeza pa depoti ndikufunsa basi ya ku Thompson, kokwerera ndege. Alipo wandineneza, ndikuganiza mayi wa ku positi uja, pakamwa posatseka.

Darlene wandilanda chikwama. Tili m'galimoto ndipo wati, "Nkhutukumve inu. Chabwino, ngati mukukafera kumeneko, ndikakhalepo." Ndamuuza kuti adzavale nsapato zenizeni, osati timaslipasi take.

Lamlungu, 2 Ogasiti

Buledi woyamba wapserera. Wachiwiri wabwino, woluka patatu ngati wa amayi. Mazira ndawiritsa m'makoko a anyezi, afiira psuu. Pasaka inapita kalekale, koma Myron sanali wosunga nthawi, sadandaula.

Ndikumuona pa siteshoni ya sitima. Yunifolomu yaikulu, mikono kukwirira zala, makutu ake aja ali panja pa chipewa. Ana a Angelezi kusukulu ankatiseka kuti timanunkha adyo, si ife a dziko lino. Iye anakalembetsa usilikali yekha, palibe anamuitana. Mawu ake omaliza kwa ine: "Olha, undisungire dzira langa, ndibwera lisanawole."

Lachiwiri, 4 Ogasiti, Thompson

Tsiku lonse pamsewu, miyendo yatupa. Woyendetsa ndege ndi bambo Beardy, wa mtundu wa Cree, eni nthaka kuno, wosachulutsa mawu. Wayang'ana mapu n'kuti, "Agogo, nyanjayi ndimaidutsa pamwamba sabata iliyonse. Sindinkadziwa kuti ili ndi achibale."

Mphepo yachuluka, akuti tidikire. M'chifuwa mwandigwira kawiri masana. Ndamwa piritsi ku bafa. Darlene asamve, angandibweze.

Lachinayi, 6 Ogasiti

Ndege ili ndi masitepe. Atatu. Darlene sanandikumbutse, ndamuthokoza mumtima.

Tinatera cha m'ma 11. Ndinkayembekeza chikwangwani, kaya mwala wolembapo. Palibe. Madzi, miyala, mitengo, udzudzu wonga sunadyeko chibadwire. Ndinapsa mtima. Boma ili, dzina papepala basi? Bambo Beardy anangoti nditembenuke. Madzi mpaka kosafika maso, zisumbu zisanu. Minda yonse ya amene ankatiseka aja itha kumira m'menemo, malo n'kutsala. Zonsezo za mwana wa Dutka wa makutu akulu. Ndanyada, ndipo sindibisa.

Ndinayala nsalu ya amayi pathanthwe. Wansembe panalibe, ndiye dzina ndinatchula ndekha. Bambo Beardy anavula chipewa, nadya buledi nafe. Darlene analira kuposa ine, pomwe amalume akewo sanawaonepo. Dzira ndinaliika mumng'alu wa thanthwe. Ndinamuuza kuti si lomwe lija, lija linawola, wachedwa yekha.

Tikunyamuka, bambo Beardy anatenga wailesi yolankhulira ya m'ndege. "Thompson, ndine Beardy, ndikunyamuka pa Nyanja ya Dutka, tilipo atatu." Mtsikana wina, wosatidziwa n'komwe, anayankha ngati akutchula dzina la msika: "Nyanja ya Dutka, tamva." Zaka 55 dzinali ndakhala ndikulitchula ndekha m'khitchini. Lero likugwira ntchito m'kamwa mwa anthu.

Ndinapisa dzanja m'thumba la chikhoto mwachizolowezi, kuopa kuti lingasweke. Munalibe kanthu.

Amayi, ndampatsa.