Makina Osokera a ku Joni

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Ife kuno ku Masasa tilipo ndithu. Mvula ya ku Mzuzu mukuidziwa, siidziwa kutsanzika ngati ya kwathu ku Ntcheu. Epulo akutha koma matewera akungogona pachingwe masiku awiri osauma.

Inde, ndati matewera. Mimba ija munaisiya isanaonekere inabala mtsikana mu Novembala, ndipo tinamutcha Agnesi, dzina lanu. Mphuno ndi yanu, ukali ndi wanunso. Chikondi ali sitandade 3 ndipo Chitumbuka akuchilankhula kuposa bambo ake. Limbani, chitsiriza wanu uja, anapeza ntchito yocheka matabwa kunkhalango, amabwera kumapeto a mwezi ali ndi fungo la utomoni. Nyemba za kuseri zinaola ndi mvula, koma mtengo wa mapeyala munadzala pakhomo uja wabereka mpaka nthambi tazichirikiza ndi mitengo.

Za dziko sindikudziwa poyambira. Munatisiya voti ija isanachitike. Nyali ya ofuna zipani zambiri inapambana, Amayi. Pachipata cha msika palibenso wofunsa khadi la chipani, ndipo mwezi wamawa tikasankha atsogoleri pakati pa zipani zambirimbiri. Anthu akutukwana boma m'basi, masana, poyera. Ine ndikamva choncho ndimayang'anabe kumbuyo, ndipo liwu langa limatsika lokha.

Koma chandigwiritsa cholembera lero si chimenecho. Nyumba ino, Amayi, akuigulitsa. A Mphande, eni ake a ku Nkhata Bay aja, mwana wawo amene anathawira kunja wabwerako tsopano, ndipo akufuna ndalama zomuyambitsira bizinesi. Anabwera okha, chipewa kumanja, nati, "Amama, mwakhala muno zaka zambiri, ndiyambire inu. Koma pofika kumapeto a Meyi ndikhale nditamva. Pali munthu wa ku Katoto, ndalama ali nazo m'thumba." Ndinayang'ana chipinda chimene munatsirizikiramo, ndinayang'ana mtengo wa mapeyala, ndipo pakamwa panga panangoyankha pokha kuti tigula. Ndalama zake ndinalibe ngakhale za chitseko.

Apa ndiye mukhululuke, chifukwa ndinapita kukafuna ngongole. Ndikudziwa. Mawu anu sindinaiwale: "Esinati, ngongole sipita kutchalitchi, imagwira ntchito ndi Lamulungu lomwe." Munkatero kuyambira tsiku lija akatapila anadzatenga njinga ndi wailesi za malemu bambo, ife tikuonerera pakhonde. Zaka zonse ndakhala mphunzitsi sindinakongolepo ngakhale paketi ya shuga. Ndinkanyada nazo, ndipo ndinkayesa kuti tsiku lina zidzandichitira umboni.

Mkamwini wanu, bambo a Chikondi, ndiye anakhala mlangizi wamkulu. Munthu amene ndalama zake za ukalipentala sizinaonepo khomo la banki! Akuti, "Ino ni nyengo ya matipate, mama, sitidaliranso khomo limodzi yayi. Pemphani ponseponse, amene ayambe kuvomera ndiye wathu." Zinandimvekera zanzeru. M'sabata ziwiri ndinadzaza mafomu kubanki imene imalandira malipiro anga, kubanki ina ya patsidya pa msewu, kubungwe lobwereketsa ndalama zogulira nyumba, ndi kukagulu kathu ka aphunzitsi. Ndipo poti tinali titaziona kale tili eni nyumba, tinalowanso m'sitolo ya mipando nkulembetsa sofa wolipira pang'onopang'ono. Musaseke, Amayi. Sofa, nyumba tisanagule.

Kunangoti zii. Patapita sabata zitatu anandiitana a bungwe la nyumba lija. Amene amaona za ngongole kumeneko ndi bambo wina wa magalasi, a Mhango, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerenga m'Baibulo. Anandipatsa moni bwinobwino, "Monire amama, khalani pasi," kenako anatulutsa fayilo yolembedwa dzina langa. Inu mukudziwa tanthauzo la fayilo masiku amene takulira ife. Munthu akamva kuti kwinakwake kuli fayilo yake ndipo anthu akufunsa za iye, ankayamba kutsanzika ana.

A Mhango anati iwo asanabwereketse munthu, amalembera kubanki yake kufunsa mbiri yake. Enanso onse amatero. Ndiye kubanki kuja, aliyense akafunsa, amasunga kapepala kosonyeza kuti uje wafunsa za munthu uyu tsiku lakuti. Poyankha iwowa, banki inatchula onse amene anafunsapo.

"Amama Nyirenda," anatero, "mwezi umodzi, malo asanu. Suzgo ni vichi kunyumba? Mwapanikizika ndi chiyani?"

Ndinati palibe, ndimangofunsa. Iwo anati pepala silidziwa kuti munthu amangofunsa. Likuonetsa munthu amene akuthamanga khomo ndi khomo, ndipo sakudziwa ngati ena aja anandikana, kapena ngati onse avomera ndipo mawa ndidzuka ndi ngongole zisanu pamalipiro amodzi a mphunzitsi. Ndinakumbukira zimene munkanena za mwana wa a Nachisale, kuti mtsikana akafunsiridwa ndi amuna asanu koma osakwatiwa, wachisanu ndi chimodzi amayamba wafufuza chimene anzake anaona. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga ine asanu.

Ndiye ndinatulutsa chida changa chachikulu. Ndinakhala tsonga nkunena kuti, "Bambo, ine chibadwire sindinakongolepo kanthu kwa munthu." Ndinkadikira kuti aimirira andigwire chanza. Iwo anangovula magalasi nati nalonso ndi vuto, chifukwa munthu amene sanabwerekepo palibe amene angamuchitire umboni kuti amabweza. Anawonjeza kuti malipiro anga akangolowa ndimawatapa onse tsiku lomwelo, buku nkutsala lopanda kanthu. Nanga si munandiphunzitsa ndinu kuti ndalama igone pamene ukuiona?

Amayi, mutu wanga unaima. Kufunsa kwambiri ndi mlandu. Kusakongola ndi mlandu. Kusunga ndalama zako m'nyumba mwako ndi mlandunso. Ndinawafunsa kuti nanga munthu wabwino kwa iwo ndi wotani, anangoseka pang'ono, maso ali papepala. Kenako nkhope yawo inasintha.

"Mwati simunakongolepo? Nanga makina osokera aja munamaliza kulipira?"

Ndinati makina ati. Anati pali sitolo ina ya kumsika imene inafunsapo za ine zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, pa nkhani ya makina osokera otenga pangongole, m'dzina langa. Ndinakana. Ndinakana mpaka kulumbira, ine amene munandiletsa kulumbira. Ndinawauza kuti makina alipo kunyumba, inde, koma anali a malemu mayi anga, mphatso yochokera kwa malume a ku Joni. A Mhango anatseka fayilo mwaulemu. "Phepani amama. Munthu wofunsa ponseponse tikhoza kumumvetsa. Koma wokana ngongole yake, apo ndiye pavuta chomene. Kafufuzeni, mubwerenso."

Ndinatuluka ndili ndi manyazi osakanikirana ndi ukali. Ndinalunjika kumsika, kusitolo imene a Mhango anandilozera, mvula ikundinyowetsa, ndikukonza mawu okalalatira mwini sitolo ameneyo chifukwa chondinamizira. Ndinapeza kuti ndi Che Saidi, bambo wachisilamu wa ku Mangochi uja, kumene munkagula ulusi ndi masingano. Akalamba, Amayi, ndevu zonse mbuu. Nditangotchula dzina langa anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndiwe mwana wa mayi Agnesi. Maliro ndinamva mochedwa, mwana wanga, pepa." Ukali wanga unathera pomwepo.

Analowa kuseri nkubwera ndi khadi lachikasu, lofumbwa m'mbali. Pamwamba dzina langa. Pansi siginecha yanga, yangayanga, ndi kamchira kaja ndimakoka pa chilembo chomaliza. Pakati zidindo makumi awiri ndi zinayi, mwezi ndi mwezi, popanda bokosi lodumphidwa.

Pamenepo ndi pomwe ndinakumbukira. Linali Loweruka, ndikuchapa kuseri. Munabwera ndi pepala lopinda, mwaphimba pamwamba ndi dzanja, nkunena kuti, "Sayina apa, ndi za kumvano, akufuna mboni yodziwa kulemba." Ndinapukuta manja pachitenje nkusayina. Ine mphunzitsi, amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziwerenga funso asanayankhe! Koma ndani masiku amenewo ankafunsa za pepala? Ndipo ndani akanakufunsani inu?

Che Saidi anati lamulo la kampani ya makinawo linkafuna munthu wa pantchito yolandira pamwezi, ndiye inu munalibe kuchitira mwina. Akuti munkafika tsiku loyamba la mwezi, iwo asanatsegule, mutakhala pakhonde ndalama zili pamfundo ya mpango. Mwezi umene munadwala chibayo munafikabe, mukutsokomola, wapansi kuchokera ku Masasa. Ndipo akuti munawapempha chinthu chimodzi chokha: "Mwana wanga asadziwe. Ndinamuphunzitsa kuopa ngongole, ndipo ndikufuna aziiopabe."

Ndinalira m'sitolo ya eni, Amayi, pamaso pa anthu ogula mabatani. Sindikudziwa ngati ndinkalira chifukwa munandinamiza kapena chifukwa ndinaona mayunifolomu onse aja munkasoka mpaka msana kuwawa, amene analipirira Limbani sukulu mpaka folomu 4. Tonse tinkatamanda malume a ku Joni. Ndinawalemberanso kalata yothokoza, ndipo munati mukaponya nokha ku positi. Kalata imeneyo inathera kuti?

Che Saidi analemba kalata yaifupi yonena kuti Esinati Nyirenda anatenga makina pangongole ndipo analipira yonse osachedwapo ngakhale tsiku limodzi. Ndinawauza kuti si zoona, sindinalipire ine. Anati, "Dzina ndi lako, ndalama zinafika, ine ndanama pati? Tenga, amayi ako anakusungira."

Kwa a Mhango sindinabise kanthu. Ndinawafotokozera zonse, za Loweruka lija ndi za mpango womwe. Anagwira khadi lija mosamala, nawerenga zidindo ndi chala chimodzichimodzi. Anati kwa akuluakulu awo chimene chidzalankhule ndi khadi, koma kwa iwo chalankhula ndi chakuti ndabwerera kudzanena zoona. Kenako anandipatsa malangizo amene ndikanawamva poyamba sindikanavutika. Ndikalembe makalata ochotsa mapempho ena onse aja, ndibweretse umboni wake. Ndisakafunsenso ngongole kwina kulikonse nkhaniyi isanathe. Malipiro ndizitapa pang'onopang'ono. Ndipo ndisavomere kubweza pamwezi ndalama imene ingatisiye opanda ufa, chifukwa kwacha yagwa ndipo chiwongoladzanja chikhoza kukwera. Za sofa anangoti, "Mphasa zilipo kunyumba, eti?" Mkamwini wanu anadandaula masiku awiri, koma tsopano akuuza anzake kuti nzeru yochotsa mapempho inali yake.

Yankho lafika Lachisanu lapitali. Avomera, Amayi. Sanapereke yonse imene ndinapempha, koma Limbani wati aika zake zimene ankasungira ukwati, ndipo a Mphande atsitsako pang'ono atamva kuti zatheka. Zaka khumi ndi zisanu ndikhala ndikubweza. Agnesi adzakhala namwali ngongoleyi isanathe.

Ndiye pepala lili apa patebulo, pafupi ndi makina anu. Ndikasayina Lolemba. Ndaliwerenga katatu, mzere ndi mzere, ndipo mawu amene sindinawamve ndawalemba pambali kuti ndikafunse. Koma mtima sukukhazikika. Ndikagwira cholembera ndikumva liwu lanu likuti ngongole sipita kutchalitchi. Ndikachiika pansi ndikuona inu muli pakhonde la Che Saidi m'mawa kukuzizira, mukudikira kuti atsegule. Ndinu amayi anga uti, Amayi? Zaka zonsezi ndinkayesa kuti ndikukudziwani ngati chikhatho changa. Za mabanki sindikuzimvetsabe, za matipate sindikuzimvetsa, ndipo tsopano ndi inu omwe mwandisokoneza. Ndakwiya nanu pang'ono, ndisaname. Ndakusowaninso kwambiri kuposa tsiku limene tinakuikani.

Poti simungandiyankhe, ndasankha ndekha. Pakamwa panu panandiuza china, mapazi anu anachita china, ndipo ine nditsata mapazi. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse a bungwe la nyumba lija adzandipeza pakhomo pawo asanatsegule, kaya kugwe mvula yotani. Mtengo wa mapeyala sudzadyedwa ndi alendo, ndipo makina anu sachoka pawindo pamene munawasiya. Chimodzi chokha sindidzatengera inu. Agnesi akadzadziwa kuwerenga, ndidzamuonetsa khadi lachikasu lija ndi pepala langali, ndipo ndidzamuuza kuti nyumba ino sinachokere ku Joni.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze kuti nkhani ya njinga ija yatha tsopano.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene anasayina osawerenga,

Esinati