Bokosi la Achimwene Likupuma

Lolemba, 9 Juni

Alamu abweretsa bokosi la achimwene. Lachitsulo, lolemera ngati njerwa, timabatani tinayi topotokola. Ntchito yake kusefa ndi kusasitsa mawu a ng'oma. Miyezi itatu chimwalirire mwini wake, lakhala pansi pa bedi. Alamu akufuna timalize nyimbo imene ankapanga awiriwo, iwo aimbe, ine ng'oma. Ku situdiyo atipatsa Loweruka m'mawa, tsiku limodzi basi.

Makina anga a ng'oma achimwene ankawaseka. "Ng'oma zako zasamba kwambiri, zilibe thukuta." Tione ngati ziwirizi zingamvane.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndalumikiza. Mayo ine! Ng'oma zanenepa, zamera mano. Ankanena zoona munthu uja, ngakhale ali moyo sindikanavomera.

Koma pakati pa kugunda ndi kugunda pali kaphokoso. Ndasintha waya. Ndasintha soketi. Kalipobe. Ndikazimitsa ng'oma, iko kakupitiriza kokha.

Lachitatu, 11 Juni

Dzuwa likuswa mtengo, mawindo otsegula, aneba akuchapa panja, ine tsitsi nyaunyau. Ndakazindikira. Ndi mmene achimwene ankapumira mphumu ikawagwira. Kukoka kwautali, kalikhweru kumapeto. Zaka khumi ndi zisanu tinagona chipinda chimodzi, ndingasokoneze ine?

Ndaitana wokonza mawailesi wa pakona. Wamvera kamphindi. "Kachitsulo kena katopa mkatimu. Ndiitanitsa, ndisinthe." Ndamuuza ayambe wadikira.

Sindinajambule. Bokosi lotere silisunga kanthu, chimene wamva chapita. Chala chinafika pa batani, ndachibweza. Kujambula munthu akubanika?

Lachinayi, 12 Juni

Alamu abwera kudzayeserera. Mzere woyamba bwinobwino. Wachiwiri, aima. Avula mahedifoni pang'onopang'ono, awaika patebulo. Sindinawauze kanthu, amva okha.

"Zimenezi ndinazimvera masabata awiri kuchipatala. Sindingaimbe akutero." Kenako ayang'ana bokosi, osati ine. "Bambo ake, chonde. Mundilole ndimalize."

Popanda bokosi nyimbo si ya achimwene. Ndi bokosi alamu sakuimba. Ine sindikufuna likonzedwe, ndiulule pano poti palibe awerenge. Ndimawasowa, ngakhale kubanika kwawoko. Ndalinyamulabe kukalisiya kwa wokonza uja pakona. Ndayenda ngati ndikuperekeza maliro kachiwiri.

Lachisanu, 13 Juni

Wokonza kulibe, wapita kukagula zipangizo. Akazi ake andipatsa bokosi lili m'pepala lapulasitiki. Ndafika, ndalumikiza. Ng'oma mbwee, mano onse alipo. Pakati pake zii.

Ndinayenera kusangalala. Chakudya chandikanika.

Loweruka, 14 Juni

Tajambula. Alamu aimba kamodzi kokha, osapunthwa, maso otseka. Wa pa situdiyo wati ng'oma zotere sanazimvepo, ndimugulitse bokosi. Ndalikumbatira bokosilo, wasintha nkhani.

Ndiye yankho ndi limenelo: zimamvana. Makina anga amasunga nthawi, bokosi limaika thukuta. Ife eni ake tinkangokangana.

Lolemba, 16 Juni

Ndakumana ndi wokonza mawailesi pamsewu, akundithamangira, kanthu m'manja.

"Bwana, pepani, kachitsulo kaja kafika lero. Mayi akunyumba anakupatsani osandifunsa. Bokosilo sindinalitsegule n'komwe, sindinaliyatse. Bweretsani."

Nditafika kunyumba ndayang'ana timisomali ta kumbuyo kwa bokosi. Dzimbiri lili chikhalire, palibe pokandika.

Achimwene anali nkhutukumve, tonse tikudziwa. Amayi analephera, madokotala analephera, ine osanena. Koma alamu akangoti chonde, munthu ankakhala chete pomwepo. Alamu sindiwauza.

Ndatseka mawindo. Bokosi ndayatsa, ng'oma ndazimitsa, sipika ndakweza mpaka pomaliza. Kuyambira nthawi ya nkhomaliro ndili pampando womwewu. Zii.

Achimwene, nyimbo yatha, alamu apita kwawo. Tatsala awiri. Ngati mukadali momwemo mukhoza kupumanso.